Mesenjala Amene Anatopa Kusasula Madenga

Abale anga, kunali mesenjala wina wa boma m'dziko limene linkalamulidwa ndi mfumu ya kutsidya kwa nyanja. Mfumuyo inali isanapondeko m'dzikomo. Anthu ankangoona nkhope yake pa ndalama.

Ntchito ya mesenjalayo inali yoyenda m'midzi kutolera msonkho wa nyumba. Anaigwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mpaka zidendene zake zinachita ming'alu yolowa chala. Akamafika pamudzi, amuna ankathawira kuthengo, amayi n'kumangomuyang'ana ataima pakhomo. Palibe ankamupatsa mpando. Ngakhale madzi akumwa ankachita kukatunga yekha.

Chaka china mfumu ija inamenya nkhondo kwawo komweko, chuma n'kuithera, ndipo msonkho unakwera kawiri. Anthu analemba makalata opempha kuti awamveko kaye, koma yankho silinabwere. Chimene chinabwera ndi lamulo lakuti aliyense wolephera kukhoma, amusasulire denga. Mesenjala uja anasasula madenga mwezi wathunthu. Madzulo akafika kwawo ankangogwera pamphasa.

Tsiku lina, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, anafika pakhomo pa bambo wina woluka madengu, dzina lake Kamtedza. Ameneyu sanathawe. Anaika pansi nsungwi zake, n'kukwera yekha padenga, n'kuyamba kumasula luzi. Mkazi wake anali akutulutsa ana ndi mabulangete.

"Musavutike kukwera, bambo," anatero Kamtedza. "Ndikuona kuti mwatopa. Nafenso tatopa."

"Musandide ine," anayankha mesenjala uja. "Ndangotumidwa."

Kamtedza anaponya mtolo wa udzu pansi. "Ndamva. Koma amene anakutumaniyo sanagwirepo udzu wa nyumba yanga. Manja amene amatisasulira ndi anuwo."

Mesenjala anadziwa chimene chimuchitikire akabwerera ku boma asanachite zimene anamuuza. Anali ndi ana asanu, ndipo munda analibe. Koma anapeza kuti mphamvu yosasulanso denga lina munalibe m'thupi mwake. Anavula chipewa cha boma, n'kuchiika pachitsa. Kenaka anatola mtolo uja, n'kuupereka m'mwamba.

"Bwezeranipo," anatero. "Mvula ili pafupi."

Anafolera nyumbayo awiriwo mpaka dzuwa kupendeka.

Musaganize kuti mesenjalayo zinamuyendera bwino. Anamuchotsa ntchito, n'kumutsekera m'ndende miyezi isanu ndi umodzi. Ana ake anagona ndi njala chaka chimenecho. Koma nkhani yake inayenda. Mesenjala wina anakananso, kenaka wina. Midzi inayamba kunena poyera kuti sikhoma msonkho kwa mfumu yosamva madandaulo a anthu. Zinatenga zaka zambiri, ndipo ena anafera m'njira, koma pamapeto pake dzikolo linayamba kudzilamulira lokha. Tsiku la chikondwerero cha ufulu, mesenjala woyamba uja anali atakalamba, akupalira chinangwa pamunda wobwereka. Palibe anatchula dzina lake.

Tsono tamverani, abale. Choipa chimakonda kulamulira chili patali. Sichibwera chokha pakhomo pa mnzako. Chimabwereka manja ako, pakamwa pako, miyendo yako, iwe n'kumadzitonthoza kuti wangotumidwa. Ena a inu mwakhala zaka mukunyamula mabodza a anthu ena, chidani cha anthu ena, nkhanza za anthu ena, ndipo mwabwera muno m'mawa uno mutatopa mpaka m'mafupa.

Kutopa kumeneko musakunyoze. Nthawi zina ndi njira imene Mulungu amatigwirira dzanja kuti tileke. Sindikulonjezani kuti mukaleka mudzaomberedwa m'manja. Mwina mudzataya zimene munkadalira, ngati mesenjala uja. Koma pa tsiku lomaliza Mulungu sadzakufunsani kuti anakutumani ndani. Adzakufunsani kuti manja anuwo anachita chiyani. Ufulu wa dziko, ngakhalenso wa mtima wa munthu, umayamba tsiku limene wotumidwa wanena kuti, "Ine basi, sindipitanso."