Thumba la Madayisi la a Dzoole

Kalekale, koma osati kale loti mundifunse ngati magetsi analiko, ku Chinamwali kunali bambo wina dzina lake Dzoole. Iyeyu anatola pa kaunjika mabuku atatu a masewera achilendo. Masewerawo amayenda chonchi: anthu amazungulira tebulo, aliyense n'kukhala munthu wa m'nthano, uyu msilikali, uyu sing'anga. Wotsogolera amasimba ulendo wawo, ndipo madayisi, tizidutswa ta manambala toponya patebulo, ndiwo amagamula ngati munthu wapulumuka kwa zilombo. Loweruka lililonse masana pakhonde pa Dzoole pankadzaza.

Kenaka Dzoole anadwala sitiroko, kulankhula n'kuthera pomwepo. Thumba la madayisi, lomwe mwa mwambo wawo amasunga ndi wotsogolera yekha, linapita kwa mchemwali wake Lekeleni. Apa zinthu zinavuta. Mabukuwo analibe mlozera wosonyeza tsamba la chinthu chilichonse, ndiye chilombo chikatulukira, anthu ankangokhalira kuvundukula masamba ndi kuponyerana Chichewa. Ena anayamba kujomba. Lekeleni mtima unali m'mwamba, chifukwa achimwene akewo ankaseka Loweruka lokha, ndipo masewerawo akanafa, pakhondepo sipakanapondanso munthu. Chikhalirecho kuntchito anali atamuuza kuti akumusamutsira ku Karonga.

Tsiku lina mkangano utafika pa mwana wakana phala, Lekeleni anamenya tebulo. "Amene apange mlozera wa masewerawa, thumba ili ndi lake!" Abale inu, lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Woyamba kudzipereka anali Ndaziona, mphunzitsi wa pulayimale. Anawerenga mabuku onsewo mpaka maso psuu, n'kulemba chilombo chilichonse, chida chilichonse ndi mankhwala alionse pamodzi ndi tsamba lake. Koma atabweretsa, palibe anapezamo kanthu. Iye analemba mayina a Chingerezi a m'bukumo, pamene patebulopo zilombo zinali ndi mayina akeake. China ankachitcha Apongozi poti sichiyang'anika kumaso, china Kondakitala poti chimakupukuta zam'thumba.

Wachiwiri anali Mwayiwawo, telala wina wolongolola, amene mayina ambiriwo anachokera pakamwa pake. Anakankhira pambali mayunifolomu a ana a eni, n'kusanjanso mapepala onse potsata mayina a patebulo. Tsopano ukangoti Apongozi, chala chinkagwera pomwepo. Koma kodi mkangano unatha? Ayi ndithu. Dzoole anali atasintha malamulo ambiri pa zaka zonsezo n'kuwasunga m'mutu, moti wina akati, "Buku likutere," mnzake ankati, "A Dzoole sankatero!"

Wachitatu anali Tsalani, wometa tsitsi pamsika, munthu wosachuluka mawu. Masana ankatseka shopu, makasitomala n'kumathawira kwa anzake, iye ali khale pafupi ndi wodwalayo atamugwira dzanja. Ankafunsa lamulo limodzilimodzi. "A Dzoole, Kondakitala akakugwira, uponya kawiri?" Dzanja likafinya ndiye kuti inde, likakhala chete ndiye kuti ayi. Anatero mpaka dzina lililonse linakhala ndi lamulo la mwini wake pansi pake.

Loweruka lotsatira masewera anayenda ngati kale. Ojomba aja anabwerera, ndipo Dzoole anaseka mpaka misozi mbwe. Koma Lekeleni sanasangalale kwanthawi yaitali, chifukwa anthu atabalalika, atatu aja anatsalira, maso ali pathumba.

"Popanda ine, achemwali, mukanasanja chiyani?" anatero Ndaziona.

"Iii aphunzitsi, zanuzo anawerenga ndani ndisanazigwire?" anayankha Mwayiwawo.

Tsalani anangoti, "Munkakanganabe."

Lekeleni anayesa kuwagwirizanitsa. Anawapempha kuti azisinthana, koma onse anapukusa mutu. Wotsogolera amadziwa zinsinsi za ulendo wonse, ndipo wodziwa zinsinsi sangakhalenso wosewera. Atambala awiri salira m'khola limodzi, nanga atatu? Ndaziona ananena poyera kuti akamanidwa sadzabweranso. Mwayiwawo anati iye akachoka, achoka ndi anzake onse a kumsika. Tsalani sanaopseze munthu, koma Lekeleni ankadziwa kuti wokhumudwa mwakachetechete ndiye amasowa osatsanzika.

Ndi mantha anagwada pafupi ndi mpando wa wodwalayo n'kumugwira dzanja. "Achimwene, ndithandizeni. Ndaziona?" Dzanja linafinya. "Mwayiwawo?" Linafinya. "Nanga Tsalani?" Linafinyanso.

Lekeleni anadzuka n'kuyang'ana thumba lija. Lole yodzanyamula katundu wake inali kubwera Lolemba, thumba lili limodzi, ndipo akalakwitsa, achimwene ake adzatsala okha pakhonde kuyang'ana msewu.

Tsono inu mwamva nonse, musandiyang'ane ine. Mukanakhala Lekeleni, thumbalo mukanapatsa ndani, wosonkhanitsa, wosanja kapena wofunsa? Ndipo awiri otsalawo mukanawauza chiyani kuti Loweruka abwerenso?