Buledi wa Mayi Wamasiye Agonjetsa Mfumu Tirameno

Kale ku Girisi, Mfumu Tirameno, imene inkadzitama kuti inapha nguluwe yolusa, inafika kwa Filoneya, mayi wamasiye, kudzatenga mwana mmodzi yekhayo wa mayiyo kuti akapalase ngalawa yankhondo.

"Mtengeni, mbuyanga," anatero Filoneya. "Kungoti mnyamatayu akuti nguluwe ija inali kamwana chabe."

"Kamwana?" Mfumu inakhala pansi n'kuyamba kufotokoza. Filoneya anasendeza mbale ya buledi pafupi ndi dzanja la mfumuyo. Nkhani isanafike pa mano a nguluwe, mbale inali itayera.

"Mwadya m'nyumba mwanga, mbuyanga," anatero mayiyo. "Mwa lamulo la milungu, ndinu mlendo wanga tsopano. Mlendo salanda kanthu, amasiya mphatso."

Mfumu inasasa nyenyeswa m'ndevu, inavula mkanjo wake n'kumuveka mnyamatayo, ndipo inabwerera kungalawa ili yokha.