Mabotolo Awiri a Che Jafali

Che Jafali anafika pakhonde la mzikiti wathu ku Ntaja anthu atangomwazikana pambuyo pa swala ya Asiri, pemphero la dzuwa litapendeka, botolo la oyilo lili m'khwapa, lina lili m'manja. Ine ndinali pomwepo ndikupinda mikeka ya ana anga a madrasa, choncho nkhaniyi sindinachite kuuzidwa. Aphunzitsi athu, Shehe Likwanya, Allah awachitire chifundo, anali khale pansi akusoka lamba wa nsapato yawo.

Che Jafaliyu anali wakabaza, ndipo njinga yake yamoto ankaipukuta kuposa nkhope yake. Kunyadako musanene. Mkulu wake, Che Awali, anali makanika m'mbali mwa msewu wopita ku Liwonde. Tsiku lina Jafali anapita kwa mkulu wakeyo ndi oyilo wa galimoto, wa botolo lonyezimira, kuti amuthirire. Awali anakana pamaso pa akabaza onse, amvekere oyilo wa galimoto amatereretsa kilatchi ya njinga. Jafali manyazi anamugwira, nati achimwene ndi ansanje, ndipo oyiloyo anakathira yekha. Kuyambira pamenepo abale a bere limodzi anasiya kupatsana salamu. Mumzikiti momwe, wina ankaima kumapeto uku kwa mzere, wina kumapeto uko. Zinkatimvetsa chisoni tonse.

Njinga nayo inayamba zake. Ikafika pachitunda, injini inkalira mpaka agalu kuuwa, koma matayala osafuna kupita, ndipo wokwera ankatsika n'kuthandiza kukankha.

Jafali anapereka salamu, nakhala pansi, naimika mabotolo aja patsogolo pa Shehe. Anafotokoza kuti nthawi yosintha oyilo yakwana, ndipo wa sitolo wamupatsa awiriwa kuti akabweze limodzi. Limodzi linali ndi oyilo wolemera, linalo wopepuka.

"Shehe, inu ndinu munthu wa maphunziro," anatero Jafali. "Ndikupempha mundiswalire istikhara, swala ija yopempha Allah kuti atisankhire, ndidziwe woti ndithire."

Ine kuseka kunandifika pakhosi, koma ndinakumeza. Shehe anaika singano pambali. Ananyamula botolo loyamba mwaulemu, naliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, nachitanso chimodzimodzi ndi linalo.

"Che Jafali, mwandilemekeza, Allah akulemekezeni," anatero. "Koma sindikudziwa. Mafuta amene ine ndimawadziwa ndi ophikira ndi onunkhira odzola Lachisanu."

Jafali anaumirira kuti n'chifukwa chake akupempha swala, poti Allah amadziwa zonse. Shehe anavomera kuti zimenezo n'zoona, ndipo kupempha Allah ngakhale pa kanthu kakang'ono si kulakwa. Anangoonjeza kuti tinaphunzitsidwa kupempha Mulungu, komanso kufunsa anthu amene Iye anawapatsa nzeru za chinthucho. Kenaka anafunsa, ngati sakudziwa kanthu, kuti kodi ku Ntaja kuno kulibe wodziwa za oyilo.

Jafali anayang'ana kumbali. Anatchula makanika wa ku Nselema, natchulanso wa ku Liwonde. Shehe anadabwa kuti njinga yokana zitunda ikafika bwanji kutali konseko.

"Kwa achimwene sindingapite, Shehe," anatero Jafali, mawu atatsika. "Akandiseka. Anandichititsa manyazi pagulu."

"Pagulu sanachite bwino, ndipo ndinawauza," anayankha Shehe.

Jafali anadzutsa mutu. Sankadziwa kuti mkulu wake anafikapo pakhondepo. Shehe anamuuza kuti Che Awali anabwera sabata yathayo, nakhala pamalo omwewo, nayenso atanyamula botolo la oyilo woyenera njinga yamoto. Anadandaula kuti njinga ya mng'ono wake ikamalira pachitunda, iye sipanala imamugwa m'manja, poopa kuti tsiku lina idzabwerera chafutambuyo munthu ali pamwamba. Anapempha Shehe kuti apereke botololo kwa Jafali osatchula kumene lachokera.

"Ndiye lili kuti?" anafunsa Jafali.

"Ndinawabwezera. Ndinati ine si shelefu ya galaja."

Apa kuseka kunandipulumuka, ndipo Jafali naye anaseka, koma m'maso mwake munali mutalengeza misozi. Anafunsa kuti tsono mwa awiriwa atenge liti.

Shehe anamaliza kumanga ulusi, navala nsapato ija, naimirira.

"Onsewa mukabweze kusitolo, mwana wanga. Mwandipempha kuti ndifunse Allah, koma Iye anayankha kale, ndipo yankholo analisungitsa kwa mkulu wanu. Lili pansi pa benchi lake, likudikira inu. Ndikwezeni tipite. Pachitunda ndikuthandizani kukankha, koma tikafika, salamu muyambe ndinu."