Chizungu cha Bwana Kamzati

Bwana Kamzati, mwini nyumba yogona alendo, anakhalako ku Mangalande kanthawi kochepa, ndipo chibwerereni ankayankhulira m'mphuno. Ankafuna kuchotsa ntchito Nasilina wophika kuti alembe mlamu wake, koma chifukwa chinkamusowa.

Tsiku lina anamuitana. "Mawa kukubwera alendo a ku Amereka ndi a ku Mangalande. Ukawalandire pakhomo m'Chizungu. Ukaphonya, uzipita kwanu."

Nasilina anatuluka panja. Mlonda anamusiyira mpando wake, n'kumupatsa madzi akumwa. Ali chikhalire pomwepo, nzeru inabwera.

M'mawa anagwada pamaso pa bwana, antchito onse akumva. "Bwana, ndamva kuti mawu abwinobwino a ku Mangalande amakhala kutukwana ku Amereka. Ine wa kukhitchini ndingasiyanitse bwanji? Ndiuzeni inu oyenda. Ndikanena zimene mwandituma, ndipo ndikawauza kuti ndi mawu anu."

"Zosavuta zimenezo," anatero Kamzati. Koma liwu lililonse limene ankaliganiza linkamununkhira chitukwano.

"Iwe, ukawalonjere m'Chichewa basi!"

Nasilina anawalandira ndi "Takulandirani" akuwomba m'manja, alendo n'kukondwa. Alendowo atafika kwa bwana, mantha oopa kutukwana aja anali asanamuchoke Kamzati. Ankangogwedeza mutu, mano ali pamtunda, thukuta likuchucha.

Mayi wina wa ku Amereka anamuyang'ana mwachisoni, n'kufunsa Nasilina ngati panali wina woti aziwamasulira bambowo.

"Ndiziwamasulira ine," anayankha m'Chizungu, bwana akumva.