Utuchi M'maso mwa Mkamwini

Kumapiri a ku Dedza kunali munthu wina amene anakwatira pachikamwini. Anamanga nyumba kumudzi kwa mkazi wake, ya njerwa zosawotcha, naifolera bwinobwino ndi udzu. Chinatsala ndi chitseko chokha. Anapachika chiguduli pakhomo, nati, "Ichi n'chongoyembekezera." Chiguduli chija chinayembekezera zaka ziwiri.

Musaganize kuti munthuyu anali waulesi. Ulesi ukanakhalako bwino, chifukwa kwa waulesi umadziwiratu kuti palibe choti udikire. Uyu anali katswiri woyamba zinthu. Anayamba dimba la tomato, nalisiya tomato atangochita maluwa. Anayamba khola la nkhumba, nalisiya litafika m'chiuno. Anakumbako chimbudzi, nasiya dzenje longogweramo nkhuku za eni. Ntchito iliyonse ankaiyamba akuimba mluzu, ndipo ikafika powawa ankati, "Apa sipakuoneka phindu," n'kuyang'ana kwina.

Tsono nyumba yopanda chitseko ndi nyumba ya aliyense. Mbuzi za apongozi ake zinkalowa ngati kwawo. Zinadya ufa, zinadya sopo, tsiku lina zinatafuna mpango wa mkazi wake wopitira kutchalitchi. Apongoziwo, poti mwambo suwalola kukalipira mkamwini maso ndi maso, ankalankhula ndi mbuzizo mokweza: "Lowani, ana anga, lowani. Mmenemo mulibe mwamuna wokuletsani." Iye ali m'nyumba ankamva zonse.

Mkazi wake, Nangozo, anali munthu wopirira, koma kupirira nakonso kumatha. M'mwezi wa Okutobala anamukhazika pansi. "Bambo, ine ndatopa kukuikirani kumbuyo. Amalume anena kuti mvula yoyamba ikagwa chiguduli ichi chili pomwepa, mupinde bulangete lanu muzipita kwanu. Ndipo ulendo uno ine sindiyankhapo."

Munthu uja anaona kuti zafika pa mwana wakana phala. Anakwera phiri kupita kwa a Chidzanja, mkulu wocheka matabwa, amene anali atagwetsa bulugama wamkulu m'munda mwawo koma analibe wowakokera macheka.

A Chidzanja anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chipika ichi chitulutsa matabwa khumi. Atatu ndi a munthu amene ali m'dzenje tsiku limene chitseguke. Wamva bwino, mphwanga? Tsiku limene chitseguke."

"Ndamva, akulu," iye anatero. Koma maganizo ake anali kale pa chitseko, akusankha utoto wodzachipaka.

Mwina ena a inu simunaonepo mmene amachekera matabwa pamanja. Amakumba dzenje pamalo otsetsereka, n'kugoneka chipika pamwamba pake, pa mitanda iwiri. Amaviika chingwe m'madzi a makala, n'kuchimenyetsa pachipika kuti chisiye mizere yakuda yowongoka. Macheka ake ndi aatali kuposa munthu, ndipo ali ndi chogwirira uku ndi uku. Mmodzi amaima pamwamba pa chipika. Ndiye amaona mzere n'kumawongolera. Wina amalowa m'dzenje kudzera kumunsi, ndiye amakoka. Macheka amadya potsika, choncho mphamvu yodula mtengo ndi ya wapansi. Koma wapansiyo saona kanthu. Akati akweze maso, utuchi umamuthira.

Pali chinanso. Ocheka sadula thabwa limodzi mpaka kumapeto n'kuliika pambali. Amayendetsa mizere yonse pamodzi, uwu pang'ono, uwo pang'ono, akafika pa mtanda n'kusuntha chipika. Matabwa onse amakhala ogwirana kumapeto kwa chipika mpaka tsiku lomaliza. Masiku onsewo, ukachiyang'ana uli kumunsi, chimangooneka chipika chomwe chija.

Lolemba munthu wathu analowa m'dzenje akuimba mluzu. Mluzu unatha utuchi woyamba utalowa m'kamwa. Pofika masana utuchiwo unali m'mphuno, m'makutu, m'tsitsi, m'malaya, utasakanizika ndi thukuta n'kumayabwa. Dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo m'dzenje simunkafika mphepo. Pamwamba a Chidzanja ankangoti, "Koka. Usathamange, koka."

Lachiwiri m'manja munatuluka matuza. Lachitatu anaphulika. Msana unauma, mapewa anayaka moto. Nthawi iliyonse akatuluka kukamwa madzi ankacheuka kuyang'ana chipika, ndipo chipika chinali chikhalire, chonenepa, chosagwetsa ngakhale kathabwa kokhomera kampando ka mwana.

Tsono mtima unayamba kumunong'oneza, ndipo mtima wa munthu wotopa ndi mlangizi wabodza. Unati: taona mkuluyu, ali pamwamba kamphepo kakumuwomba, iwe uli pansi pano ukudya utuchi. Unati: masiku atatu athunthu, thabwa lili kuti? Unati: kapena macheka awa ndi obuntha, mukungosisita mtengo. Iye anavomera zonsezo mosavuta, chifukwa inali nyimbo imene ankaidziwa kuyambira kudimba la tomato kuja.

A Chidzanja anaiona nkhope yake. Pa nthawi yopuma anamuitana. "Tazungulira ukwere kuno, mphwanga, udzaone pamene tafika."

Kunali kuyenda mapazi khumi okha. Koma iye anakhala kumunsi, pansi pa kamtengo, atafulatira, akutikita maso. "Ndione chiyani, akulu? Chipika ndikuchiona ndili konkuno."

Apa ndi pamene munthuyu amandikwiyitsa ine. Pa kutopa sindimudzudzula, aliyense amatopa. Matuza anali enieni, ndipo utuchi umawawadi m'maso. Koma munthu wamkulu, wandevu zake, banja lake lili pa ngozi, n'kukana kuyenda mapazi khumi chifukwa cha msunamo. Chabwino, tiyeni timukhululukire za kukwerako. Akanangoyang'ana pansi pamene ankaponda. Lolemba anaima pa dothi. Lachitatu anali ataima pa utuchi womukwirira mpaka m'akakolo. Ankaukankha ndi phazi akung'ung'udza, osadzifunsa ngakhale kamodzi kuti ukuchokera kuti. Macheka obuntha sagwetsa utuchi.

Lachinayi, dzuwa litapendeka, kachidutswa kanamulowa m'diso lamanzere. Anasiya chogwirira macheka ali pakati pa mtengo. Anatuluka, nakutumula malaya, nati, "Akulu, ine ndalephera. Apa sipakuoneka phindu."

"Kwatsala m'mawa umodzi," a Chidzanja anatero.

"Mawu amenewo amanena aliyense amene ali pamwamba," iye anayankha. Ndipo anatsetsereka phiri osacheuka.

Kunyumba anauza Nangozo kuti mkulu uja ndi wodyera anzake masuku pamutu, kuti chipika chija n'chouma ngati mwala, ndiponso kuti wamva za ntchito ina yabwino kuposa imeneyo. Nangozo anangoyang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itayamba kusonkhana, kenako anapitiriza kupeta mphale yake.

Lachisanu a Chidzanja sanacheke. Anatsika phiri okha, munthu wamkulu ndi maondo ake, kudzaima pakhomo la chiguduli lija. "Dzenje ndi lako, mphwanga. Ndakusungira lero." Iye anayankha ali m'kati kuti diso likumuwawa. Diso linali litachira kale. Chimene chinkamuwawa n'kubwerera kumene anachoka atalankhula mwamwano.

Koma macheka sangakhale masiku ambiri m'mtengo wauwisi, umawapana ndipo amachita dzimbiri. Potuluka m'mudzimo a Chidzanja anakumana ndi mwamuna wa mng'ono wake wa Nangozo, mkamwini mnzake wa munthu wathu uja, wa pabwalo lomwelo, akuchokera kumunda khasu lili paphewa. Anamufunsa ngati angathe kukoka macheka m'mawa umodzi. Iye anavomera.

Loweruka, dzuwa lisanafike paliwombo, chipika chinatseguka. Mzere uliwonse unali utatsala kutalika kwa mkono umodzi wokha. Wakoka pang'ono, thabwa lagwa. Wakokanso, lina lagwa, mpaka onse khumi anagona pambali. Mkamwini mnzake uja anamangirira atatu panjinga, natsika nawo phiri akukankha, nadutsa pakhomo penipeni pa chiguduli, poti njira ndi yomweyo. Apongozi anaimba nthungululu. Kenako anatembenukira kwa mbuzi zawo, akuloza nyumba ya mkamwini wa matabwayo: "Ana anga, nyumba iyo musadzalowemo. Mmenemo muli mwamuna."

Munthu wathu anathamangira kuphiri ali wefuwefu. "Akulu, masiku anayi ndakoka ndine. Uyo wakoka m'mawa umodzi."

"Zoona, ndipo unakoka bwino," a Chidzanja anatero, akunola macheka ndi tupa. "Koma tsiku loyamba ndinati chiyani?"

Munthu wathu anali ataima pamwamba tsopano, pamalo pomwe anakana kukwera paja. Anasuzumira m'dzenje, naona mulu wa utuchi umene anagwetsa ndi manja ake. Anauyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa ngati pali chipika china, koma bulugama wina wogwetsa kunalibe chaka chimenecho.

Mvula yoyamba inagwa patatha sabata imodzi. Inawomba chiguduli chija n'kulowa mpaka pamphasa. Itakata amalume anabwera, ndipo nkhani sinatalike. Nangozo analira, pakuti mwamuna wake ankamukonda, koma anasunga mawu ake, sanayankhepo. Munthu uja anapinda bulangete lake. Potuluka m'mudzi anadutsa panyumba ya mnzake uja, pamene kalipentala ankakhoma chitseko chatsopano, chonunkhira bulugama. Anachidziwa chitseko chimenecho. M'matabwa ake munali thukuta lake la masiku anayi.

Abale anga, ambiri a ife muno tili m'dzenje. Muli mayi amene mukulera ana a mchemwali wanu amene anatisiya, ndipo palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene wanenapo zikomo. Muli bambo amene mumadzuka tsiku ndi tsiku kupita kuntchito kumene akukuonani ngati tsache. Muli wodwazika matenda amene mwaiwala tsiku limene munapumako. Wina wapempherera mwana wake woledzera mpaka maondo achita zikang'a. Ndimakumvani mukabwera kwa ine: "Abusa, palibe chikusintha." Ndikuuzeni zoona, mawu amenewa amanditopetsa. Sikuti ululu wanu ndi wabodza ayi. Chimanditopetsa n'chakuti mumawanena mutaima pa utuchi wofika m'akakolo.

Sindikunena za dzenje limene munthu wankhanza wakuponyanimo. Mmenemo tulukani, ndipo tidzakuthandizani kutuluka. Ndikunena za ntchito imene mukuidziwa mumtima mwanu kuti ndi yanu, imene munaiyamba mukuimba mluzu.

Amene ali pamwamba pa chipika cha moyo wanu ndi Mulungu. Ndiye anamenya mizere, ndiye akuiona. Sanakulonjezeni kuti thabwa lizigwa tsiku lililonse. Amayendetsa mizere yambiri pamodzi, wa ana anu, wa ntchito yanu, wa mtima wanu wouma uwo, ndipo zonse zimakhala zogwirana mpaka tsiku lake. Inu muli pansi, simukuona, ndipo mukuyesa kuti kusaona kwanuko ndi umboni woti palibe chikuchitika. Umboni weniweni ndi umene ukukuwawani m'masowo. Kumene sikukudulidwa kanthu sikugwa utuchi.

Mwatopa? Pumani, imwani madzi, palibe wakuletsani. Akakuitanani kuti tazungulirani mudzaone, musafulatire. Kugwada n'kupemphera ndi mapazi khumi okha. Kufunsa mnzanu amene wakuonani kuyambira kale kuti, "Kodi ndayendako?" ndi mapazi khumi okha. Koma musakutumule malaya n'kutsetsereka phiri Lachinayi, kenako n'kudzandidandaulira Loweruka kuti wina wadutsa ndi matabwa anu.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Walira chitseko waliranso utuchi. Pukutani maso, mulavule za m'kamwazo, mugwirenso chogwirira. Wapamwamba sanachokepo, ndipo akunenabe kuti koka. Mwina kwa inunso kwatsala m'mawa umodzi.