Dzonzi ndi Mitu ya Adyo

Kalekale, kumapiri kozizira uko, kunali mkamwini wina dzina lake Dzonzi. Ankakhala kwawo kwa mkazi wake Nasibeko, pakhomo paling'ono, ndipo anali ndi kadimba m'mphepete mwa mtsinje. Ulesi analibe munthuyu. Nthenda yake inali imodzi basi, kukonda kutamandidwa.

Apongozi ake aakazi anali ndi adyo wosapezeka kwina kulikonse, wa khungu lofiirira, mutu wake ngati chibakera. Atadwala n'kuona kuti sadzukanso, anaitanitsa mkamwini wawo. Analankhula atayang'ana kukhoma, monga achitira apongozi.

"Adyo uyu ndinamulandira kwa amayi anga. Mukakumba, mitu ikuluikulu muzipachika kudenga, imeneyo ndi ya nthaka. Ing'onoing'onoyo ndiye muzidya. Asathere m'manja mwanu."

Dzonzi anaomba m'manja kuvomera, ndipo apongoziwo anamwalira.

Mvula itatha, mphepo yachisanu itayamba, Dzonzi anaswa mitu ija n'kupatula tiana take. Anadzala kalikonse pakokha, nsonga itayang'ana kumwamba, ndipo anaphimba mizere ndi udzu. Anathirira chisanu chonse. Masamba atauma anakumba, dengu linadzaza tho, ndipo mitu ikuluikulu anaipachika kudenga.

Tsono panadutsa wosula makasu. Anayang'ana kudenga nati, "Adyo wotere sindinamuonepo. Muli ndi dzanja, a Dzonzi."

Dzonzi mutu unakula. Anatsitsa mitu yonse ikuluikulu n'kumupatsa, poti mlendo wokuyamikira ungamupatse zonyozeka?

"Bambo, imeneyo ndi mbewu," anatero Nasibeko.

"Adyo ndi adyo, mayi. Nthaka sisankha."

Anadzala yotsalayo, ndipo chaka chimenecho mitu inatuluka ngati mazira a nkhuku. Kunabwera mayi woumba mbiya, nayenso wokoma pakamwa. Anachoka ndi mitu yabwino yonse kumpango kwake. Nasibeko anachenjezanso, Dzonzi anayankha zomwe zija.

Chaka chachitatu mitu inali ngati mtedza. Mlenje wina anaima pakhomopo kupempha madzi, n'kunena kuti mbiri ya Dzonzi yafika kuseri kwa phiri. Dzonzi anasankhamo yooneka bwinoko n'kumuikira m'thumba.

Mvula inathanso, mphepo ija inabweranso. Dzonzi anatsitsa zotsala kudenga kuti aswe. Tiana take tinali towonda ngati mpunga, ndipo atatitsina tinangofumbutuka, m'kati mulibe kanthu. Apo ndi pamene anakumbukira mawu olankhulidwa kukhoma aja, ndipo mantha anamugwira.

Anatenga dengu n'kupita kwa wosula makasu. "Mwa adyo uja, simunasungeko mbewu?"

"Tinadyera nyama ya mbuzi, anali wokoma zedi. Ndinu munthu wabwino, a Dzonzi."

Anapita kwa woumba mbiya. "Ndinasinjira ana pamene ankatsokomola," anatero mayiyo. "Anthu opatsa ngati inu ndi osowa."

Tsono anakwera phiri kukafika kwa mlenje. Mlenjeyo anachita kukanda m'mutu kuti akumbukire. "Oo, tija? Ndinatitaya, tinali tochepetsetsa. Koma mtima wanu ndi waukulu."

Dzonzi anabwerera dzuwa litapendeka. Anapeza Nasibeko kudimba atapanga kale mizere, manyowa atathira, udzu wophimbira atawunjika pambali.

"Mwabwera ndi chiyani, bambo?"

Dzonzi anayang'ana pansi. "Onse akuti ndine munthu wabwino."

Nasibeko anasuzumira m'dengu muja, munalibe kanthu. Kenaka anatola kamtengo koboolera mapando n'kumupatsa m'manja.

"Mizere ndi imeneyo. Dzalani zimenezo."

Anasenza khasu lake n'kumapita kunyumba. Dzonzi anatsala chiimire ndi kamtengo kake. Chaka chimenecho m'mizeremo munamera chisoso, ndipo adyo wofiirira uja sanaonekenso m'mudzimo.

Tsono ana inu, kupatsa n'kwabwino, koma chimene mwasungitsidwa kuti chikafike kwa obwera m'mbuyo si chanu choti mugulire mbiri. Chabwino koposa muzisiyira mbewu. Okutamandani adzadya n'kuiwala, ndipo tsiku lodzala mudzakhala nokha.

Yanga nthano yathera pamenepo, pa mizere ya Dzonzi.