Tsiku Limene Fisi Anadikira Kiyi wa Fulu

Padangokhala... Inu ana, mafoniwo pansi kaye, ndimve kuti tili tonse! Eya. Padangokhala, osati kale lenileni ayi, koma chaka chimene netiweki inafika kudambo la nyama.

Chaka chimenecho kunabwera malonda achilendo, a ndalama zosagwirika ndi manja, za pa intaneti, zija amati kiripito. Kunabweranso kaloboti, kantchito ka m'foni, kamene kankagula ndalamazo mtengo ukatsika ndi kugulitsa ukakwera, mwini wake ali kumunda. Kuti kachite malonda m'dzina lako, unkakapatsa kiyi. Kiyiyo sanali wachitsulo, unali mzere wautali wa zilembo ndi manambala. Koma wogwira mzere umenewo wagwira thumba lako.

Fulu anagulitsa soya wake yense n'kuika ndalamazo mmenemo, kuti zichulukeko agulire feteleza mvula isanagwe. Analibenso kwina kodalira. Ndalamazo zikanapita, kwa Fulu kukanagwa njala.

Anzake anatchera timaloboti tawo m'mawa umodzi. Fulu anatha masiku atatu. Ankawerenga mzere, n'kupuma. Kuwerenga wina, n'kupuma. Atafika pamene pankafunsa ngati kiyiyo aloledwe kuchotsa ndalama, anakana. Nyama zinamuseka mpaka kugwira nthiti.

Tsono nyamazi zinali ndi gulu lawo la pafoni, ndipo zinali ndi chizolowezi chimene ine chimandinyansa mpaka lero. Kanthu kakavuta, basi, kujambula zonse zili pafoni n'kuponya pagulu: "Abale, apa nditani?" Osayang'ana n'komwe kuti pachithunzipo patuluka chiyani. Ndipo gululo linali lodzaza alendo, poti aliyense ankalowetsamo amene wamufuna.

Fisi anadziika yekha kukhala mlangizi. "Kaloboti kakakuvutani, nditumizireni kiyi, ndikukonzereni ulere," ankatero.

Nyani anatumiza. Patapita masiku awiri, thumba la Nyani linali mbee.

"Pepani achimwene, msika wagwa," anatero Fisi. Msika unagwa, koma Fisi anagula njinga yamoto.

Fulu anaiona njingayo, anamuonanso Nyani akulira.

Tsono Fisi anali mlamu wa Fulu. Anakwatira mlongo wa Fuluyo. Musandifunse kuti zinatheka bwanji, inenso sindinaitanidwe ku ukwatiwo. M'mawa wina Fisi analemba pagulu, pamaso pa onse:

"Alamu a Fulu, kaloboti kanu kakugona. Tumizani kiyi ndikadzutse."

"Kali bwino, alamu," anayankha Fulu.

"Aa! Mukundimana ine? Mlamu wanu? Abale onani, m'banja tayamba kubisirana!"

Nyama zinayamba kulemba. Gwape anati Fulu ndi womana. Njiri anati Fulu alibe ulemu. Fulu mtima unamupweteka, pakuti kutchedwa womana pakati pa abale n'kowawa. Analowetsa mutu m'chigoba, anaganiza, n'kuutulutsanso.

"Alamu, musakwiye," analemba. "Ine sukulu inandiperewera. Kiyiyo sindikudziwa kuti amaoneka bwanji. Ponyani wanu pano pagulu, ndionerepo."

Fisi malovu anadza. Anati mumtima: "Ndiponya kamphindi chabe. Akatumiza wake, ndifufuta wanga." Anajambula kiyi wake weniweni, amene iye anamulola kuchotsa ndalama poti ankakonda kuzisuntha msanga, n'kuponya pagulu.

"Ndi uyo, alamu. Tumizani wanu."

"Zikomo alamu. Koma musafufute, ndikuonera pomwepo. Zala zanga mukuzidziwa."

Fisi anakhala pansi pa mtengo wa mango, maso pafoni. Pamwamba pa foniyo panalembedwa kuti Fulu akulemba. Dzuwa linakwera.

"Alamu, kiyi uja?"

"Ndikulemba, alamu, ndikulemba."

Dzuwa linafika paliwombo. Mkazi wake anamuitana kukadya, Fisi anakana.

"Alamu, kiyi uja?"

"Ndikulemba, alamu, ndikulemba."

Dzuwa linapendeka. Fisi anaganiza zofufuta, koma anakumbukira matumba a soya amene anaona Fulu akugulitsa, dzanja linabwerera lokha.

"Alamu! Kiyi uja?"

"Ndatsala pang'ono, alamu. Ndikulemba."

Pagulupo panali Khwangwala wa m'tauni, amene palibe ankamudziwa, ndipo anali asanalembepo ngakhale moni. Ntchito yake inali imodzi, kuyang'ana zithunzi za anthu osasamala. Anamuona kiyi wa Fisi ali poyera tsiku lonse. Anamutola.

Foni ya Fisi inalira. Ndalama zachoka. Inaliranso. Zachokanso. Inalira kachitatu, ndipo kachitatuko munalibenso chochotsa.

"Mayo ine!" Fisi anagubuduka m'fumbi. "Zanga! Ndi za Nyani zomwe zapita!"

Anakuwa mokweza, ndipo Nyani anali mumtengo wa mango womwewo, akudya. Anatsika pang'onopang'ono.

"Za ndani, achimwene?"

Fisi anadzuka kuti athawe, koma foni inaliranso. Unali uthenga wa Fulu, umene anaulemba kuyambira m'mawa. Fisi anautsegula msangamsanga, poganiza kuti mwina tsoka lake lingaphimbike ndi soya wa mlamu wake.

Munali mawu awiri: "Ayi, alamu."

Ana inu, gulu linaphulika! Gwape uja, Njiri uja, amene ankanyoza m'mawa, ndiwo anayamba kuombera Fulu m'manja. Aliyense amene anatumizapo chithunzi anathamanga kukapha kiyi wake wakale n'kupanga watsopano. Nyani analanda njinga yamoto ija, ndipo palibe anamuletsa. Ndalama za Fulu sizinachuluke kwambiri, musaganize kuti analemera, koma zinalipo zonse, ndipo mvula yoyamba inapeza feteleza ali m'nyumba. Fisi anabwera kwa Fulu kudzapempha ganyu yopalira.

Nthano yanga yathera pamenepo, tolani mafoni anu. Koma imvani: kiyi wa chuma chako saonetsedwa kwa munthu, ngakhale wopemphayo akhale mlamu wako.